Mbewu "Yokonzedwa" Inaphetsa Chimanga cha Alamu Anga

Inu owerenga, ine ndinaphetsa chimanga cha alamu anga chifukwa cha liwu limodzi, lakuti "yokonzedwa".

Ndimalima kufupi ndi Lufita. Chaka chatha ndili kumalire ndinakumana ndi wamalonda wa kutsidya akugulitsa mbewu ya chimanga m'matumba opanda dzina. "Mbegu safi iyi, ndugu, yokonzedwa, mbozi siidya," anatero mosakaniza ndi Chiswahili, kutanthauza kuti ndi mbewu yabwino. Kwathu kuno tikati yokonzedwa timanena mbewu yopakidwa mankhwala ofiira aja, choncho ndinagula. Anawonjezera kuti asayansi anaisintha chibadwa pang'ono, ine n'kungogwedeza mutu poti zinamveka zapamwamba.

Kuno munthu akakupempha mbewu sumumana. Alamu anga, akazi a malemu achimwene, ndinawapungulira mbale imodzi. Anakabzala m'mbali mwa chimanga chamakolo chimene achimwene anasiya, mbewu yomwe alamuwo ankaisunga pautsi chaka ndi chaka.

Chimanga chitamasula ngayaye ndinayamba kudzitama pamsika kuti changa n'cha asayansi. Nkhani inawapeza alangizi a zaulimi, ndipo anabwera ndi anzawo a ku boma. Anatifotokozera mofatsa kuti mbewu yosinthidwa chibadwa imayamba yaunikidwa ndi boma. Ina imaloledwa ngati mbewu wamba, ina ayi, koma wogamula si wogulitsa kapena mlimi. Yanga inalowa mozemba, ndipo palibe ankadziwa kuti ndi mbewu yanji. Poti chimanga chimakwatirana kudzera m'mphepo, anati minda yonse iwiri itchetchedwe.

Munda wanga sindiudandaula kwenikweni. Koma alamu anali atabzala mbewu yonse ya achimwene, padenga osasiyapo ngakhale chitsononkho. Anaimirira pamzere n'kumangoyang'ana zikwanje, osalira.

Alangizi anatenga masamba kukapima, ndipo mpaka lero sindinamve zotsatira. N'kutheka kuti wamalonda uja ananama, chinali chimanga wamba. Zimenezo sizibweza kanthu.

Abale anga, mbewu yopanda dzina musaigule, ndipo wogulitsa akati yokonzedwa, mufunseni kuti anaikonza chiyani, analoleza ndani. Koposa zonse musaigawire wina.

Chaka chino ndinawagulira alamu mbewu ya m'sitolo, yovomerezeka. Analandira ndi manja awiri n'kuti, "Yewo, alamu." Kenaka anandifunsa ngati ndikudziwa munthu amene achimwene anamugawirako mbewu yawo ali moyo. Ndafunsa mudzi wonse, sindinamupeze.