Mizere Makumi Anayi Imene Lam Anafufutitsa

Mdzukulu wanga Dieu Lam amagwira ntchito pakampani yaing'ono kuno mumzinda wa Hue. Amapanga pulogalamu ya pafoni yokumbutsa mabanja tsiku lokumbukira akufa awo, motsata kalendala ya mwezi. Iyeyo ndi amene amaunika zimene anzake alemba zisanalowe m'pulogalamumo. Akati ayi, ndi ayi. Mutu umenewo anatengera kwathu, osati kwa bambo ake.

Lam amadana ndi zolemba zotalika. Tsiku lina Khiem, mnzake wofatsa womuposa zaka khumi, anabweretsa mayeso oonera ngati pulogalamu ikuwerenga bwino masiku. Lam anaonamo zigawo ziwiri zofanana ngati mapasa, ndipo analemba poti aliyense mu ofesi awerenge: "Achimwene, awa ndi mayeso kapena kalata ya chibwenzi? Chotsani chimodzi." Anthu anaseka. Khiem anayamba kufotokoza za chaka chimene mwezi umodzi umabwera kawiri, koma Lam anali atatembenukira kale ku kompyuta yake. Mizere makumi anayi inafufutidwa.

Chaka chotsatira mwezi wachisanu ndi chimodzi unabweradi kawiri. Mwambo umati mwezi woyambawo ndiye wokumbukira akufa. Pulogalamu inasankha wachiwiri, popeza mayeso oigwira kunalibe.

Tsiku lokumbukira agogo ake aamuna, nkhuku ndi mpunga womata zinali patebulo, abale atadzaza nyumba. Koma a Vinh, amalume ake a Lam, mwana wachisamba woyenera kuyatsa lubani woyamba, sanaoneke. Anali phee ku Saigon, foni itawauza kuti mwambowo ndi mwezi wamawa. Mayi ake aang'ono a Lam anayamba kung'ung'udza kuti tauni yawadya mutu, afika poiwala ndi bambo awo omwe.

Lam anali ndi mbale m'manja. Za mizere ija m'nyumbamo munalibe wodziwa, akanatha kungokhala chete. Anaika mbaleyo pansi.

"Amalume sanaiwale. Foni yawanamiza, ndipo wolakwa ndine."

Kenaka mayi aang'ono aja anati, "Sukulu yonse ija, osadziwa kuwerenga mwezi?" Tsiku limenelo Lam sanadye.

Lolemba anakaima patebulo la Khiem, manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu, napempha kuti mayeso aja abwerere.

"Kalata ya chibwenzi ija? Ndinaisunga, mlongo," anatero Khiem, osatukula mutu.

Kupepesa kwake Lam anakulemba pomwe paja anamusekera, kuti onse awerenge. Mabanja ena amene anaphonya tsiku anawalemberanso yekha, limodzilimodzi. Wa magazi athu akalakwa sabisala.

A Vinh anabwerabe mwezi wachiwiriwo, nayatsa lubani patsogolo pa chithunzi cha bambo awo, mochedwa ndi masiku makumi atatu. Iwo sanamukalipire Lam. Kungoti masiku ano, ngakhale pulogalamu inakonzedwa, amaimba foni kunyumba kuno kufunsa tsiku. Lam akamva, amatuluka panja kukathirira maluwa, ngakhale mvula itagwa kumene.