Khasu lomwe linagwira nangula

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, m'mphuno mumadzaza fungo la girisi ndi utsi wa makala, m'makutu mukulira nyundo kuseri kwa nyumba yathu ku Mtakataka. Anali ndi boti lamatabwa, ndipo kutsogolo kwake kunali chopukusira nangula, chigudumu cha mano chomwe munthu amazunguza ndi chogwirira kuti chingwe chizikulungika. Pamanowo pankagwera kachitsulo koletsa chigudumu kubwerera m'mbuyo. Agogo ankakatcha lilime.

Ndili Sitandade 4, lilimelo linatha. Asodzi a m'botilo ankangopanikizapo chidutswa cha patapata, mpaka tsiku lina mphepo ya mwera itakula, chogwirira chinabwerera mwaukali n'kuthyola mkono wa amalume anga a Yohane. Amalume atagonekedwa kuchipatala cha ku Mua, asodzi onse anakana kukweranso botilo, ati limadya anthu. Inali nyengo ya usipa, maboti a anzathu akubwera odzaza, lathu lili gone pamchenga.

Agogo anatenga khasu la agogo aakazi, osapempha n'komwe, nayamba kulisula kuti likhale lilime latsopano. Ine, katswiri wowerenga chilichonse ngakhale chitini cha girisi, ndinawauza molimba mtima kuti zitsulo zotere amagula ku Lilongwe. Anandifunsa ngati chitinicho chanenapo kanthu za khasu. Ndinachitembenuza kawiri, sichinanene.

Lilime loyamba linathyoka poliyesa, poti analiviika m'madzi n'kuuma mopitirira. Lachiwiri analiviika mu oyilo wakuda wa injini, utsi wake n'kuthamangitsa nkhuku pabwalo.

M'mawa wa tsiku lachitatu anaitana asodzi aja. Anaika mitengo pansi pa boti, namanga chingwe cha nangula ku mtengo wa mango, n'kuuza aliyense kuti asaponde chingwe kapena kuima moyang'anizana ndi chogwirira. Kenako anayamba kupukusa okha, thukuta likuyenderera m'ndevu, ndipo boti lonse linayamba kukwawa kulunjika kumtunda, lilime likulira ke, ke, ke pa dzino lililonse. Chingwe chitakungika mpaka kudontha madzi, anaima.

"Tsopano ndikusiya. Likamenya munthu, limenye mwini wake."

Amuna akuluakulu anabwerera m'mbuyo. Ine ndinali nditafika kale kuseri kwa thandala loyanikira nsomba, ndikuonera ndi diso limodzi. Agogo anatsegula manja, nawakweza m'mwamba. Chogwirira chinangonjenjemera pang'ono, n'kukhala chete.

A Saidi, mkulu wa asodziwo, anazungulira botilo, nagogoda lilime ndi chala, n'kufunsa anzawo kuti usipa uja akuusiyira ndani. Madzulo ake boti linalowa m'madzi ndi anthu ake onse.

Lero ndimakonza mijigo m'midzi ya ku Golomoti, ndipo mabuku ake ndimawerenga mpaka tizilembo tapansi. Koma ndikamanga bawuti yomaliza, amayi a zidebe amayamba adikira. Woyamba kupopa ndimakhala ine.