Dzinja limene Tiyamike analetsedwa bere

Sopo wofiira wa fungo la kuchipatala akakumana ndi phula la fodya wamuwisi m'manja, pamatuluka fungo limene sindinalimvepo kwina kulikonse koma pakhonde la nyumba yathu ku Chulu. Dzinja limenelo ndinali mu Sitandade 4. Masamba am'munsi a fodya anali atayamba kupsa, ndipo tinkabwera kumunda manja ali bii, zala zikumatirirana. Zaka zam'mbuyo tinkangozitikita ndi mchenga n'kukhala pansi kudya. Koma chaka chimenecho pakhonde panali beseni, sopo, ndi lamulo la amayi lakuti munthu asakhudze kapu ya Tiyamike phula lisanachoke m'zala.

Ine ndine Fatsani, ndipo Tiyamike ndi mlongo wanga. Anabadwa m'nyengo yozizira, chimanga chili kale m'nkhokwe. Kapu yake inali yachitsulo, yaing'ono, yoyera ndi mkombero wabuluu, ndipo inkakhala yovundikira pa mbale yakeyake pamwamba pa kabati.

Chimene chinabweretsa kapuyo m'nyumba mwathu ndinachidziwa nditakula. Amayi ali oyembekezera anapita kusikelo, ndipo anawapeza ndi kachilombo koyambitsa Edzi. Abambo atakayezetsa anawapezanso nako. Mliriwo unali utadya kale anthu ambiri m'dera lathu, moti nyimbo zamaliro ife ana tinkazidziwa bwino kuposa za Sande sukulu. Anamwino anafotokozera amayi kuti kachilomboko kangathe kulowa mwa mwana kudzera mu mkaka wa m'mawere. Koma mwana wa kumudzi akapanda kuyamwa, kutsekula m'mimba kumamutenga. Njira yabwino inali isanadziwike, ndipo iwo sanabise zimenezo. Anati pachipatala cha paboma pali kafukufuku, ndipo amene akufuna angathe kulowamo.

Amayi analowamo. Panachitika mayere. Kwa ena, mayi ndiye ankamwa mapiritsi. Kwa ena, mwana ndiye ankapatsidwa mankhwala amadzi. Tiyamike anagwera ku gulu lachiwirilo, ndipo m'mawa uliwonse amayi ankamudontheza madzi oyera mkamwa ndi kajekeseni kopanda singano. Koma onse anauzidwa chinthu chimodzi: mwana ayamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi, kenako asiyiretu, osabwererakonso. Anawachenjeza kuti kubwerera ku bere atayamba kudya zina ndiko koopsa kwambiri.

Maulendo a paboma sanavute kubisa. Inali nthawi ya makuponi a feteleza, ndipo munthu akanena kuti akukaima pamzere, palibe ankadabwa akabwera madzulo chimanjamanja. Abambo ankapalasa njinga, amayi ali pakaliyala, Tiyamike ali kumbuyo kwa amayi. Chimene sichikanabisika chinali kuletsa bere. Kwathu mwana ankayamwa mpaka kuyenda, ena mpaka kumaitanitsa bere ndi pakamwa pawo. Mayi woletsa khanda kuyamwa ankadziwika ndi zifukwa ziwiri zokha. Mwina ali ndi matenda aja, kapena watumbiza, ndiye kuti waima msanga mwana akadali m'manja, ndipo mkaka wa mayi woyembekezera anthu ankati umadwalitsa mwana.

Tsiku loletsa bere linafika mvula ili pakati. Tinali m'chigafa, tikusoka fodya pa zingwe kuti timupachike pa mikangala, mitengo yoyanikapo fodya. Tiyamike ankalira pamsana panga kuyambira m'mawa, mawu mpaka kusasa. Azakhali Nambewe, mlongo wamkulu wa abambo, amene nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu, analowa atafunda thumba la feteleza kumutu.

"Mulamu, mwana akulira chonchi bere lili pomwepo?"

Amayi sanadzutse mutu. Anapitiriza kubaya singano m'mitsitsi ya masamba. Azakhali anayang'ana amayi, kenako abambo, kenako anagwira pakamwa.

"Yohane, usandiuze kuti watumbiza mwanayu."

Abambo anali mkulu wa mpingo, munthu wosaseka pagulu, amene ankaitanidwa kukalangiza mabanja a eni. Anakanda kumutu, nayang'ana pansi. "Zachitika basi, alongo," anatero.

Dzuwa lisanalowe, nkhani inali itazungulira mudzi. Mawa lake msuweni wa abambo, a Lufeyo, anabwera kudzathandiza kupachika fodya, ndipo sanadikire n'kukhala pansi komwe.

"A mkulu wa mpingo, tatiuzani, feteleza wa kuponi uja munathira kumunda kapena kunyumba? Chifukwa kumene kwabereka msanga tikukuona."

Amuna onse m'chigafa anaseka mpaka wina kutsokomola. Abambo anangoti, "Pachikani fodya, asuweni, pakamwa sipapita ku okushoni." Anasekedwa choncho dzinja lonse, kumsika, kumaliro, ngakhale pakhomo la tchalitchi, ndipo sanadziteteze ngakhale kamodzi.

Ine ndinakhulupirira. Azakhali anandiuza kuti ndikhala ndi mng'ono wanga, ndipo poyamba ndinamuda, chifukwa anali atalanda mkaka wa Tiyamike asanabadwe n'komwe. Kenako ndinayamba kumudikira. Ndinatola mawaya kuseri kwa zigafa za pa esiteti, n'kumupangira galimoto ya matayala a zitini za polishi, ndipo ndinaibisa kudenga la chigafa chathu kuti anzanga asaithyole.

Masiku oyambawo ndi amene sindikonda kuwakumbukira. Tiyamike ankakana kapu. Phala lamadzimadzi losakaniza ndi chiponde cha kuchipatala ankalilavula, likutsikira m'khosi mpaka m'khwapa. Akamva fungo la amayi ankazunguza mutu, kukamwa kuli yasa. Amayi anamanga chifuwa chawo ndi chitenje cholimba, komabe pofika masana bulauzi inkakhala ndi zigamba ziwiri zonyowa. Kulira kukakula ankandipatsa mwanayo, n'kutenga khasu kupita kumapeto kwenikweni kwa munda, kumene mizere ya fodya inkakumana ndi dambo. Tsiku lina ndinawatsatira ndi madzi akumwa. Ndinawapeza atagwada kuseri kwa mtengo wa mango, akufinyira mkaka pansi. Unkalowa m'dothi lofiira, nyerere zikusonkhana m'mbali mwake. Kunyumba mwana ankalira, ndipo kuno mkaka unkamwedwa ndi nyerere. Ndinabwerera osawapatsa madziwo, ndipo mumtima ndinati amayi anga ndi ouma mtima.

Patapita milungu ingapo Tiyamike anazolowera kapu pang'ono. Ankagwira mkombero wake ndi timanja tonse tiwiri, ndipo ine ndinaphunzira kuipendeketsa kuti phala lingokhudza mlomo, iye azikoka yekha. Madzi ake tinkawiritsa kawiri. Ngakhale zinali choncho, fodya wapakati akuthyoledwa, anayamba kutsekula m'mimba.

Matewera anadzaza chingwe ndipo sankauma chifukwa cha mvula. Liwombo lake linalowa, maso anabwerera m'kati, ndipo ankalira popanda misozi. Azakhali anabweretsa mankhwala akuda opaka paliwombo, koma za bere sananene, poti iwo ankadziwa kuti mkakawo ndi wa mayi woyembekezera. Abambo anafuna kupita naye kuchipatala m'mawa, koma mvula inali itagwa usiku wonse ndipo dambo linadzaza mpaka kumiza mlatho wa mitengo. Tinakhala m'nyumba masana kuli mdima ngati madzulo, denga likudontha m'mabeseni. Amayi anasungunula m'madzi mchere ndi shuga wa m'kapepala ka kuchipatala, koma Tiyamike ankakankha kapu ndi lilime. Anatembenuzira nkhope pa bulauzi ya amayi n'kuyamba kuyamwa nsalu yonyowayo.

Ndinaona dzanja la amayi likupita pa batani. Analimasula loyamba, kenako lachiwiri.

"Amake Fatsani," anatero abambo, motsitsa mawu.

"Akafa ndi ludzu mkaka uli pano, ndidzati chiyani ine?"

Mvula inkamenya malata, ndipo amayi anakhala choncho nthawi yaitali, dzanja lili pachifuwa, akuyang'ana mwanayo. Kenako anamunyamula n'kumuika m'manja mwa abambo ngati chinthu chotentha. Anamanga mabatani awo, natenga kasupuni ka tiyi. Anayamba kumudontheza madziwo pakona ya mlomo, dontho limodzi, kudikira kuti ameze, dontho lina. Dzanja lawo likatopa ndinkalandira ine. Mvula itadukiza, abambo anavula nsapato, nasenza njinga paphewa, amayi anakweza Tiyamike pamwamba pa mutu, ndipo ndinawaona akuwoloka dambo madzi ali m'chiuno.

Ndinagona kwa azakhali mpaka anabwera. Tiyamike anabwera wowonda, ndi kabala ka diripi pamutu pamene anamumeta, koma akuyang'ana uku ndi uku. Anachira pang'onopang'ono, limodzi ndi kutha kwa mvula.

Kuyambira ali wakhanda, ulendo uliwonse wa paboma ankabwera ndi kathonje pachidendene, pamene ankamutenga magazi. Kuyeza kumene makolo anga ankakudikira kunali kotsiriza, kwa mwana atasiyiratu bere. Tsiku limene anakamva zotsatira, ndinamva abambo akubwera asanaoneke, chifukwa ankaimba nyimbo ya m'buku ali panjinga, chinthu chimene sanachitepo. Anabweretsa mabanzi pakati pa sabata. Amayi anakhala pakhonde, Tiyamike ali pamiyendo, ndipo anaseka, kenako anaphimba nkhope ndi chitenje. Nditafunsa, abambo anati, "Magazi a mlongo wako ali bwino." Sindinamvetse chifukwa chake magazi akanakhala oipa, koma banzi ndinadya.

Panatsala nkhani ya mng'ono wanga. Fodya anauma, tinamusankha, tinayamba kudinda mabelo, ndipo mimba ya amayi inali yosaoneka. Azimayi a pamjigo anayamba kuwerenga miyezi mokweza. Madzulo ena azakhali anabwera, napeza amayi akupeta mtedza. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mulamu, tiyeni kuseri."

Anakhalitsa kumeneko. Pobwera, maso a azakhali anali ofiira, ndipo podutsa pamene abambo ankakonza njinga anaima, nawagwira paphewa. M'mawa mwake ndinapita nawo kumjigo nditanyamula chigubu. Asanatule ndowa, anauza amayi onse amene anali pamenepo kuti, "Mulamu wanga anapita padera. Amene akamufunse adzayankhana ndi ine." Palibe anafunsa. Ngakhale a Lufeyo anasiya nthabwala zawo, ndipo anabwera kudzapepesa atavula chipewa.

Ine ndinathamangira ku chigafa, n'kutsitsa galimoto ija, ndipo ndinalira mng'ono wanga mpaka kutupa maso. Amayi anandipeza pa mulu wa zinyenyeswa za fodya. Anakhala pansi pambali panga, nagoneka mutu wanga pamiyendo pawo. "Pepa, Fatsani," anatero, ndipo anabwereza kangapo. Galimotoyo anadzaithyola Tiyamike atayamba kukwawa.

Zoona zake anandiuza ndili ku sekondale, pamene onse awiri anali atayamba kumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku. Ku koleji ndinadzawerenga kuti kafukufuku wa mtundu umenewo ndi amene anasonyeza kuti mankhwala amatetezadi mwana woyamwa, ndiponso kuti kuletsa bere msanga kunkadwalitsa ana ambiri. Malangizo anasintha. Masiku ano mayi amene akumwa mankhwala amayamwitsa mpaka mwana kuyenda. Nditapita kumudzi patchuthi ndinawafotokozera amayi, akusenda chinangwa.

"Ndiye kuti akanatha kuyamwa?"

"Panopa, inde. Nthawi imeneyo palibe ankadziwa, amayi. Anadziwira kwa inu."

Anasenda chinangwa china mpaka kumaliza. "Bola enawa akuyamwa," anatero, ndipo sitinaikambenso.

Mkazi wanga Esinati anamwalira chaka chatha, atadwala masiku ochepa. Mwana wathu Tadala anali asanamere dzino. Mwambo wa maliro utatha, anthu atabalalika, amayi anamasula kamtolo ka chitenje n'kutulutsamo kapu yachitsulo ya mkombero wabuluu, yosupuka penapake. Sindinkadziwa kuti anaisunga. Tiyamike, amene tsopano ndi wamtali kuposa amayi ndipo akumaliza sekondale, anaitembenuza m'manja n'kufunsa kuti ndi ya ndani. Manja anga anakumbukira okha mmene amaipendeketsera.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti amayi ankapita kumapeto kwa munda chifukwa kulira kwa Tiyamike sikunkawakhudza, ndipo ndinalira ndi mtima wonse munthu amene sanakhaleko. Tsopano m'mawa uliwonse ndimasamba m'manja ndi sopo, n'kuika Tadala pamiyendo. Nthawi zina amasiya kapu, n'kutembenuzira nkhope pa shati yanga, kukamwa kuli yasa, akufunafuna. Ine ndilibe choti ndimumane. Amayi anali nacho, chikuwawa m'chifuwa, ndipo anamanga mabatani awo n'kutenga supuni.