Mbalame ya Pepala Inanditsekeretsa

Sananene odi. Linali Lachinayi masana, mwezi wa Febuluwale, mvula itangokata. Ndinamva chibakera pachitseko, ndipo nditatsegula ndinapeza apolisi awiri. Kumbuyo kwawo kunali pafupifupi mudzi wathu wonse wa ku Lirangwe, ena atanyamula miyala.

"Mayi, kwerani galimoto msanga ngati moyo mukuufuna," anatero wamkulu wa apolisiwo.

Ndinakwera ndi chitenje chakumunda, kuphazi kulibe nsapato.

Nkhaniyi inayambira kuholo ya tchalitchi. Loweruka lililonse kunkabwera mtsikana wa ku Japan kudzatiphunzitsa kupinda mapepala, popanda sizasi kapena guluu. Ine ndinapita chifukwa sindikonda kumva zinthu kwa anthu. Zala zanga zozolowera khasu zinkang'amba pepala, iye n'kumangoti, "Pang'onopang'ono, amayi," m'Chichewa chake chotsimphina. Titadziwa kupinda mbalame yonga kakowa, anatiuza kuti kwawo amaipatsa wodwala pomufunira kuchira.

Nthawi imeneyo mwana wa mnzanga woyandikana naye nyumba ankadwala malungo. Kamtsikanako ndinkakabereka ndine mayi ake akapita kuchigayo. Ndinang'amba kalendala yakale, ndinapinda mbalame, n'kumuikira m'manja mnzangayo akuona, ndipo anathokoza. Sindinadziwe kuti ndikupala moto kudambwe. Mwanayo atamwalira, osambitsa maliro anaipeza pansi pa pilo. Wina anati ndi ndege ya ufiti, basi mawuwo anakwana mudzi wonse.

Anandiika m'chitolokosi cha azimayi. Za ndowa ya pakona ndi nsikidzi sindinena. Amene anagonamo akudziwa. Chinkandiwawa n'chakuti maliro ankaikidwa ine ndili m'menemo. Ndinamulira mwanayo chamumtima, kuopa kuti anganene kuti mfiti ikunamizira.

Lolemba ananditengera mu ofesi. Mbalame ija inali patebulo m'kajumbo, wapolisi akuikankha ndi bolopeni.

"Mwana wanu amagwira ntchito kubwalo la ndege ku Chileka, eti? Ndiye kuti zouluka zili m'magazi."

"Ndi mlonda wa pageti, bwana. Ndege sanakwerepo."

"Tafunyululani tione mankhwala ali m'katimo."

Ndinafunyulula. Munali mwezi wa Juni ndi chithunzi cha thumba la feteleza. Anandiuza kuti ndiipindenso, ndipo ndinaipindadi. Anaiyang'ana nthawi yaitali, nkhope itafewa.

"Koma n'zokongolatu izi. Mundipangireko ya mwana wanga." Kenaka anakhosomola. "Ayi, zisiyeni."

Pamenepo ndinadziwa kuti ngakhale iye, ndi yunifolomu yake yonse, ankandiopa.

Ndinapempha kuti aitane mnzanga uja, chifukwa mboni yanga anali iye yekha. Munthu amene tinkabwerekana naye mchere zaka zonsezo, ndinalibe chikaiko kuti abwera. Chitseko chikangolira, ndinkadzuka n'kukonza chitenje. Sanabwere. Ndinakwiya mpaka kukana chakudya. Lero ndimaganiza kuti akanandiikira kumbuyo, miyala ija ikanagwera iye, pamwamba pa chisoni chakecho.

Ananditulutsa Lachisanu la sabata yotsatira, mwana wanga atabwera kudzanditenga.

"Mlandu palibe, mayi," anatero wamkulu uja. "Koma ku Lirangwe musapondeko. Sitingakulondereni tsiku ndi tsiku."

Ndinamufunsa za nyumba yanga. Mwana wanga ndiye anayankha, "Amayi, malata ena tinapulumutsako."

Tsopano ndimakhala ku Chileka, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mwana wangayo. Anthu amati ndizithokoza Mulungu kuti ndili paufulu, ndipo ndimathokozadi. Kumsika ndimapita, kutchalitchi ndimapita, palibe wondifunsa. Koma chimanga chimene ndinadzala chaka chimenecho sindidziwa anakolola ndani, ndipo manda a mwanayo sindinawaonepo.

Mwezi watha ndinapita kumaliro ku Mdeka pa minibasi. Titafika pasiteji yakwathu ndinaona azimayi ogulitsa tomato, ena oti tinabatizidwa limodzi. Kondakitala anamenya chitseko n'kufuula, "Lirangwe! Alipo otsika?"

Ndinakokera mpango kumaso. Ndinabadwira pamenepo, amayi anga agona pamenepo, koma ndinakhala chete mpaka galimoto inanyamuka.