Matope a Mchere pa Tcheni cha Njinga

Pali fungo lina limene mpaka lero limandiimitsa panjira ngati wina wanditchula dzina: fungo la matope ouma osakanikirana ndi oyilo wa njinga. Ndikalimva podutsa kwa okonza njinga, mtima umabwerera kwathu ku Lizulu, m'nyengo yachisanu ya chaka chimene anthu anali atangoyamba kuvala nsalu za zipani zosiyanasiyana popanda mantha. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. M'mawa nkhungu inkakuta minda ya kachewere mpaka osaiona nkhokwe ya pakhomo, zala n'kumauma gwa potsuka mbale. Koma chimene chinkandisautsa chaka chimenecho si chisanu ayi. Amayi anali atachoka pakhomo.

Anachoka mvula ili pakati, khanda lathu litamwalira, n'kubwerera kwawo kuchigwa, cha ku Kasinje. Chimene anakanganirana ndi bambo sindinachidziwe, ndipo mwana safunsa zoterozo. Ife tinatsala, poti bambo anapereka ng'ombe za malowolo, ndiye ana tinali a pamudzi pawo. Bambo anali munthu wa mawu ochepa, mlimi wa manja ong'aluka, ndipo analankhula kamodzi kokha: "Phazi la mwana wanga lisakaponde kuchigwa." Nkhani inathera pomwepo. Ndikapita kotola nkhuni ndinkakwera pamwala wina pamene chigwa chimaonekera patali, chotuwa ndi utsi, n'kumadzifunsa kuti utsi wa amayi ndi uti. Ndinkawasowa, abale inu.

M'nyengo yomweyo achimwene anga a Laisoni anabwera kuchokera ku Beira, kumene anapita kukasaka maganyu nkhondo ya ku Mozambiki itatha. Katundu analibe woti n'kuloza, koma anabwera ndi njinga imene anthu a kwathu anali asanaionepo. Inali ndi matayala onenepa okhala ndi mano, mahandulo owongoka, magiya ambirimbiri kumbuyo, ndipo inalibe madigadi otchinga matope kapena kaliyala. Pamsika anaiseka ndithu. "Njinga yopanda kaliyala ndi yachiyani? Thumba la kachewere muzilisenza pamutu?" Achimwene anachita manyazi n'kukawotcheretsa kaliyala, koma kudzitama sanasiye.

Pakamwa paja anali napo. Akamaipukuta njingayo ankandiuza za nyanja ya mchere imene madzi ake amachoka okha n'kubweranso okha, kusiya mchenga wonyowa wolimba ngati msewu wa phula, umene ankapalasapo njinga nkhanu zikubalalika patsogolo. Ankanena za madambo oyera mbuu kumene anthu amakolopola mchere n'kuuunjika milu, ndi za mitengo yomera m'madzi mizu ili pamtunda. Zina ndinkadziwa kuti akuthira ndiwo mchere wambiri, koma ndinkamvetsera kukamwa kuli yasa. Lamulo lawo linali limodzi. "Mchere umadya chitsulo, Tiya. Njinga ikadutsa pamchere, uitsuke ndi madzi abwino tsiku lomwelo."

Ine mawu oti mchere anandikumbutsa zina. Amayi ankakonda kunena kuti dambo la kwawo likauma limatuwa, mbuzi n'kumanyambita dothi. Ndinayamba kuwavutitsa achimwene kuti anditengere kwa amayi, m'mawa, masana, ngati ntchentche pabala. Ndinawauza kuti mwina njinga yawoyo imangodziwa misewu ya m'nkhani. Anandikalipira, anandiopseza, koma iwonso anali asanawaone amayi chibwerere. Tsiku limene bambo anamanga matumba pa njinga yawo yakuda n'kunena kuti akupita ku Tsangano kukafuna mbewu ya kachewere, akagona konko, achimwene anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Pinda chitenje, uike pakaliyala."

Tinadzera njira yachidule ya pansi, yotsika phiri, imene njinga wamba siingayerekeze. Mayo ine, mtsetse umenewo! Miyala inkathawa pansi pa matayala, mabuleki akulira, mano anga akugundana, ine nditawakumbatira achimwene mpaka anadandaula kuti ndiwathyola nthiti. Tinadutsa m'lupsa, phulusa likutilowa m'mphuno, kenako m'nsungwi, kenako m'khwawa louma mmene tinatsika n'kuinyamula njinga paphewa. Tikamatsika, chisanu chinkatisiya pang'onopang'ono. Ndinavula juzi. Mitengo ya kwathu inatha, kunabwera milambe ndi migwalangwa, ndipo mpweya unayamba kununkha ziputu za mpunga.

Dzuwa lili pamutu tinafika padambo. Linali lalikulu, lathyathyathya, long'ambika ming'alu, pamwamba pake patayala zoyera ngati wina wamwaza ufa. Akakowa anali ataima m'zithaphwi zotsalira m'mbali mwa bango, ndipo mbuzi zinalidi kunyambita pansi monga ankanenera amayi. Achimwene anasintha giya n'kufuula kuti, "Beira uyu!" Anapalasa mwamphamvu, nthaka ikuthetheka pansi pa matayala, mphepo yotentha ikutiwomba. Pakati pa dambo pouma panatha, tinalowa m'matope, ndipo poti njinga inalibe madigadi anatiwaza msana wonse mpaka kumutu. Ndinanyambita mlomo, ndipo unali wamchere. Ndinaseka ngati wamisala, kuseka kumene ndinali nditakuiwala. Nditacheuka ndinaona mzere wa mano a matayala athu utalembeka m'matope kuchokera tsidya lina.

Amayi tinawapeza akupeta mpunga kuseri kwa nyumba ya agogo. Lichero linagwa. Sanafunse kuti tabwera bwanji, anangondigwira kumaso ndi manja awiri n'kumachotsa matope ndi chala chachikulu, akubwereza dzina langa. Anali ataonda, mpango utawakulira. Anandisambitsa okha ngati kamwana, anandipesa tsitsi n'kudandaula kuti ndani akundimeta moipa chonchi. Za bambo sanatchule mpaka m'mawa mwake potiperekeza, pamene anafunsa akuyang'ana kumbali kuti, "Chifuwa chawo chija chinasiya?" Ndinawapempha kuti tipitire limodzi. Anapukusa mutu n'kunena kuti, "Wobwera kudzanditenga si iwe, mwananga."

Ulendo wobwerera unali wokankha njinga chitunda chonse, ndipo tinafika bambo asanabwere. Achimwene anathamangira kumsika kuti anthu awaoneko, n'kundisiyira ntchito yotsuka njinga pamjigo. Ndinatsuka matayala, ndinapukuta zitsulo zonse zoonekera. Koma nditafika pa tcheni ndi magiya, pamene matope otuwa aja anamatirira, dzanja linakana. Amenewo anali matope a kwa amayi. Ndinaibisa njinga m'chisakasa, kuseri kwa matumba, ndipo masiku otsatira ndinkazemba kukagwada pamenepo, kununkhiza, n'kumakanda pang'ono ndi chikhadabo kuti ndilawe. Uchitsiru wake ndikuudziwa, koma nthawi imeneyo chinali chokhacho chimene ndinali nacho. Bambo anabwera tsiku lomwe tinabwerako lija, matumba ali opanda kanthu, ati mbewu ya ku Tsangano sinawasangalatse.

Achimwene anapeza ganyu yokweza kabichi m'malole, ndiye njinga inakhala sabata yathunthu osaigwira. Loweruka m'mawa ndikuchokera kotunga madzi, ndinaipeza ili chagada pabwalo, bambo atakhala pa mpando pambali pake. Tcheni chinali chitafiira ndi dzimbiri, chouma, chosapindika. Ndowa inatsala pang'ono kundipulumuka. Bambo anakanda matope ndi chala, anaika palilime, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Kuno kumtunda kulibe dothi lotere," anatero.

Ndinadikira chikwapu, ndipo chimene ndinkaopa kuposa chikwapucho n'chakuti aigulitsa njinga, njira ya kwa amayi n'kutsekeka mpaka kalekale. Koma anandituma kukatenga parafini ndi kansanza. Anachotsa tcheni, anachiviika m'mbale yakale, n'kuyamba kuchipinda mfundo imodzimodzi ndi zala zawo zong'aluka zija mpaka chinafewa. Anagwira ntchito imeneyo mwina ola lathunthu, akutsokomola, osandiyang'ana. Kenako anafunsa motsitsa mawu.

"Mayi ako akudya?"

"Pang'ono, bambo. Anaonda. Anafunsa za chifuwa chanu."

Manja awo anaima kanthawi, kenako anapitiriza. "Sukulu ikatsekera uzipita. Koma njinga muzitsuka. Tenga madziwo, utsukenso yangayo."

Ndinathamanga ndi chimwemwe kukaitsuka njinga yawo yakuda ija. Nditapisa dzanja pansi pa madigadi, panagwa zibuma za matope otuwa. Ndinalawa mwachizolowezi, ndipo anali amchere. Ndinadabwa pang'ono, n'kuganiza kuti kani ku Tsangano nakonso kuli dambo lotero, ndipo ndinawatsuka onse bwinobwino, madzi n'kuwatengera kumunsi kwa bwalo.

Kuchigwa ndinapitadi tchuthi chilichonse, mpaka njinga ija inatha mano ndipo achimwene anabwerera ku Beira. Amayi kumtunda sanabwererenso, ndipo bambo sanakawatenge. Ku Tsangano ndinakafika ndili kale mayi wa ana awiri, bambo atamwalira. Ndinayenda m'minda ya kumeneko, m'mapiri ozizira ngati a kwathu, ndipo dothi lamchere sindinalione paliponse.

Ndipamene ndinaona ulendo wa bambo wa tsiku lija monga unalili. Munthu wamkulu anamanga matumba kuti asafunsidwe, anazungulira msewu wautali pa njinga yolemera, n'kulowa m'dambo mpaka pamatope. Kumeneko ayenera kuti anaupeza mzere wa matayala a mano, ndipo njinga ya mano m'dera lonselo inali imodzi. Kaya anabwerera ndi manyazi oti ana amene anawaletsa awapeza akuphwanya okha lamulo lawo, kaya anangofuna kutisiyira tsiku lathu, sindidziwa, ndipo woti n'kumufunsa palibe. Ndili mwana ndinkati bambo anandikhululukira chifukwa ndinawagwiritsa chisoni. Lero ndimaganiza kuti tsiku limene ine ndinafika kwa amayi ndi lomwelo limene amayi ankayenera kuona munthu amene ankamudikira, ndipo munthuyo anangotsala kuwoloka theka la dambo.