Bati ya Bambo Inathera ku Chiuta

Anandilanda bati ya bambo anga. Anailanda masana, anthu akuona, tsiku la sadaka ya arobaini, patatha masiku makumi anayi chimwalirireni bambo, ndipo palibe amene anati palakwika.

Bati ndi thabwa lomenyera mpira wa kiriketi. Ndikufotokoza chifukwa kwathu ku Nkaya palibe amadziwa masewerawa. Bambo anawaphunzira ku Balaka, komwe ankasoka zovala pakhonde pa sitolo ya Mmwenye. Lamlungu lililonse Amwenye ankayala chiguduli chachitali kuseri kwa masitolo n'kumasewera. Tsiku lina anaperewera munthu mmodzi, n'kuitana telala. Chaka chisanathe, telala uja anali atawaposa onse. Ena amadziwa kuponya kokha, ena kumenya kokha. Bambo ankatha zonse. Akaponya, timitengo tozika kumbuyo kwa womenya tinkauluka. Akagwira bati, anthu ankatopa n'kutola mpira m'munda wa thonje. Magulu a ku Limbe ndi ku Zomba ankafunsa asanatsike n'komwe m'galimoto kuti, "Telala alipo lero?"

Kenako kunabwera lamulo loti Amwenye asamukire m'mizinda ikuluikulu. Masitolo anatsekedwa, pabwalo paja anthu anadzalapo chimanga. Bwana wawo anawasiyira bati ndi mpira umodzi wofiira. Bambo anabwerera ku Nkaya, kwawo kwa mayi, kukakhala mkamwini wamba wolima nandolo.

Ine sukulu ndinali nditaisiya kale, mutu sunkagwira. Tinkasewera awiri, ine ndi bambo, m'mbali mwa njanji, titazika tinsungwi titatu. Lamulo lawo linali loti bati sindiigwira mpaka nditagwetsa tinsungwi kumbuyo kwawo kakhumi.

"Ukakwanitsa khumi," ankatero, "ndidzakuponyera mipira isanu ndi umodzi, tione ngati ndinabala munthu."

"Ababa, ndingoinyamulako basi."

"Iyayi. Manja akowa ndi a khasu. Ponya."

Zinanditengera zaka ziwiri. Pamene ndinkagwetsa kachikhumi, bambo anali atayamba kale kutsokomola, malaya akuwakulira. Ndinadziwa kuti ndagonjetsa wodwala, koma ndinakuwa ndithu. Iwo anatsamira bati, akupuma movutika.

"Mawa," anatero.

Mawa lake sanadzuke pamphasa. Patatha milungu itatu tinawaika.

Pa arobaini panafika abale awo a kunyanja ya Chiuta, patsogolo mkulu wawo wa bambo. Mwambo wathu ndi woti katundu wa mwamuna amapita kwa ana a mlongo wake, osati kwa ana ake. Anatulutsa makina osokera, njinga, jekete. Kenako bati.

"Bambo aakulu," ndinatero, "makina tengani, njinga tengani. Thabwalo lokha ndisiyireni."

"Iwe amalume ako ali moyo, si awo akhala apowo? Udikire afe, udzatenge zawo."

Anthu anaseka, amalumewonso anaseka nawo. Mayi ananditsina pamkono kuti ndikhale pansi. Ndinakhala.

Dzinja litatha ndinakwera sitima mpaka ku Nayuchi, n'kuyenda wapansi kukafika kunyanja. Msuweni wanga, mwana wa azakhali amene anapatsidwa bati, ndinamupeza akukocheza bwato. Ankapalasira iyo.

"Msuweni!" anakuwa. "Malume anali munthu wanji? Nkhafi yake yaifupi chonchi, ikundithyola msana!"

"Si nkhafi imeneyo."

"Nanga n'chiyani? Ukuifuna? Tenga, ine ndasema yanga."

Anaiponya pamatope. Ndinaitola. Inali italemera ndi madzi, itatupa, chogwirira chitang'ambika pakati, ikununkha nsomba. Kameneko kanali koyamba kuigwira m'manja mwanga. Mpira utaigunda kamodzi ikanaphwasuka, ndiponso wondiponyera akanakhala ndani? Ndinaisiya pomwepo.

Lero ndimasenza matumba pasiteshoni ya Nkaya. Mpira wofiira uja ndili nawo, abale awo a bambo aja sanauone. Ndikauza anzanga kuti bambo anga ankaopedwa mpaka ku Limbe, amandifunsa ngati ankamenya nkhonya.

Ine mbali yanga ndinakwanitsa, khumi yonse. Yanditsalira mipira isanu ndi umodzi.