A Sajeni Akwera Sitima ndi Chitseko

Taganizirani m'mawa wamba pa kampu ya asilikali a pamadzi. Belu lalira, anyamata ndi atsikana ophunzira usilikali afola pabwalo, nsapato zili waliwali. Kutsogolo kwawo kuli chitseko chakale chogonekedwa pamwamba pa mgolo, ndipo pambali pake payima a Sajeni, bambo wamfupi wa ndevu zotuwa.

Ntchito ya a Sajeni inali yophunzitsa kulimba mtima. Wophunzira ankakwera pachitsekocho atanyamula kapu yodzaza tiyi, anzake n'kumachigwedeza ngati sitima ili pa namondwe. A Sajeni ankamuwaza madzi ndi paipi kwinaku akumupanikiza ndi mafunso.

"Iwe wamakutu, apongozi a mlamu wa amalume ako ndi ndani wako?"

"Sindikudziwa, bwana!"

"Inenso sindikudziwa. Koma tiyi asatayike!"

Iwo ankati munthu wotha kusanthula chibale pansi pakugwedezeka sangabalalike maganizo panyanja. Ophunzira ankawakonda, chifukwa aliyense akatsika ankamupatsa thaulo ndi manja awo, n'kumuuza kuti wayesetsa.

Koma panali chinthu chimene kampu yonse inkangochinong'ona: a Sajeni anali asanayendepo panyanja. Ali mnyamata anangoponda pa sitima yoima padoko, m'mimba n'kutembenuka, n'kubwerera kumtunda. Ngakhale kunyumba, akazi awo akamanyamula beseni la madzi, iwo ankayang'ana kumbali.

Kenaka kunabwera mkulu watsopano wa kampu. Analamula kuti mphunzitsi aliyense apite nawo paulendo wa panyanja, ndipo wokana apume pantchito.

"Bambo a ana, ingopumani," anatero akazi awo. "Tidzaweta nkhuku."

"Nkhuku sizifola, mayi."

Tsiku la ulendo a Sajeni anafika padoko ndi ndowa, ophunzira awo atasenza chitseko ndi mgolo. Mkulu uja anafunsa ngati akusamuka.

"Ndi zipangizo zophunzitsira, bwana mkubwa."

Sitima itangonyamuka, nkhope ya a Sajeni inachita mbuu. Anakumbatira ndowa n'kukwera pachitseko chija.

"Ana anga, lero tigwedeza mobweza. Sitima ikapendekera kumanja, inu pendeketsani chitseko kumanzere. Ine ndikhale chilili ngati ndili kumtunda."

Ophunzira anagwira m'makona onse. Masana kunadza chimphepo, mafunde akukwera mpaka padenga la woyendetsa, mbale za kukhitchini zikuuluka. Asilikali ena akale anayamba kuitana amayi awo. Koma ophunzirawo analibe nthawi yochita mantha, poti maso onse anali pa bambo wawo.

"Kumanzere, iwe! Ufuna kuwagwetsa madala?" anakuwa mtsikana wina.

"Ndatopa, achemwali!"

"Ukatopere kwanu!"

Kunena zoona, nzeruyo sinkathandiza kwenikweni. Ndowa inkadzazabe ndi masanzi. Komabe a Sajeni akapezako mpweya ankadzutsa mutu n'kufunsa wina kuti azakhali a mkamwini wa agogo ake ndi ndani wake.

Mkulu wa kampu anawayang'ana nthawi yaitali atagwira chitsulo, nayenso nkhope ili mbuu. Kenaka anafunsa motsitsa mawu ngati pachitsekopo pangakwane anthu awiri. A Sajeni anasendera kuti naye akwere.

A Sajeni anamaliza ulendo wonsewo ndipo ntchito sinawathere. Anapitiriza kuphunzitsa mpaka msinkhu wopumira unakwana, ndipo m'gulu limene linawagwirira chitsekolo palibe ndi mmodzi yemwe amene anasiyira maphunziro panjira.